Za Boma la Chitaganya: Ubwino Wake ndi Kakonzedwe Kake

Mawu akuti Chitaganya saiwalika msanga m'dziko la Malawi. Nkhalamba zimene zidaona zaka za 1953 kufikira 1963 zikamva mawuwa zimakumbukira ndende, asilikali ndi maliro. Koma nkhani yake yabukanso, makamaka chiyambire chisankho cha 2014, pamene anthu ena adayamba kupempha kuti zigawo za dziko lino zikhale ndi maboma awoawo. Ena akuti amenewo ndiwo mankhwala a umphawi wa madera otalikira likulu. Ena akuti kumeneko nkung'amba dziko. Tsono nkoyenera kuti akhristu, makamaka aphunzitsi amene anthu amawafunsa nzeru pamudzi, adziwe bwino chimene chikunenedwa. Phunziro lino lifotokoza za zitaganya ziwiri: cha ku Switzerland, chimene chakhala chiimire kuyambira 1848, ndi cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidagwa patangopita zaka 10. Zonse ziwiri zidayamba anthu ena akukana. Funso ndi ili: china chidalimba bwanji, pamene chinzake chidagwa?

1. CHITAGANYA NCHIYANI?

Maiko ambiri ali ndi boma limodzi lokha, lokhala ku likulu. Boma lotere lingathe kugawira makhonsolo ntchito zina, monga kuyang'anira misika ndi misewu ya m'midzi. Koma mphamvu zimenezo nzobwereka, ndipo mwini akafuna amazitenganso. Malawi ndi Zambia amalamulidwa motero.

M'dziko la chitaganya muli maboma a mitundu iwiri: boma lalikulu la dziko lonse, ndi maboma aang'ono a zigawo. Malamulo aakulu a dziko ndiwo amalemba malire a ntchito, kuti izi nza boma lalikulu, izi nza zigawo. Asilikali, ndalama ya dziko ndi kukambirana ndi maiko akunja zimakhala za boma lalikulu; sukulu, apolisi ndi zipatala kawirikawiri zimakhala za zigawo. Chachikulu nchakuti palibe mbali imene ingasunthe malirewo payokha. Zifanana ndi mudzi wa pachibale, m'mene banja lililonse lili ndi munda wake ndi nkhokwe yake, koma chitsime, manda ndi bwalo la milandu nza onse. Nyakwawa imaweruza za chitsime. Siilowa m'nkhokwe ya mwini kukatapa chimanga. United States, Canada, Germany, India ndi Nigeria ndi ena mwa maiko olamulidwa chotere.

Eklezia salamula kuti dziko lakutilakuti likhale la chitaganya kapena ayi, pakuti zimenezo nza eni dziko. Koma pali chiphunzitso chimene chikhudza nkhaniyi. M'chaka cha 1931 Papa Pius XI adalemba kalata yotchedwa Quadragesimo Anno, ndipo m'menemo adaphunzitsa kuti nkulakwa ngati bungwe lalikulu lilanda ntchito imene bungwe laling'ono lingathe kuichita bwino palokha. Udindo wa lalikulu ndi kuthandiza laling'ono pamene mphamvu zaliperewera, osati kulimeza. Muyeso umenewu ngwothandiza poyesa boma lililonse.

2. CHIYAMBI CHA CHITAGANYA CHA KU SWITZERLAND

Switzerland ndi dziko la mapiri pakati pa Ulaya. Kukula kwake kuli ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, ndipo monga Malawi lilibe doko la panyanja yamchere. Anthu ake ndi pafupifupi 9 miliyoni, olankhula zinenero 4: Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana ndi Chiromanshi. Lili ndi zigawo 26, zimene eni ake amazitcha makantoni.

Kalekale zigawozi zidali timaiko toima patokha, topangana kuthandizana pankhondo. Pangano lodziwika kwambiri ndi la 1291, la zigawo zitatu za Uri, Schwyz ndi Unterwalden. Mikangano siidasowe. Mu 1481 zigawo za kumidzi zidatsala pang'ono kumenyana ndi za m'mizinda, ndipo uphungu wa Nicholas wa ku Flüe, munthu wopemphera wokhala payekha, ndiwo udaziyanjanitsa pa msonkhano wa ku Stans. Pambuyo pake chipembedzo chidagawa dzikolo: zigawo zina zidakhala za Aprotestanti, zina zidatsala za Akatolika.

Mkangano waukulu udafika m'zaka za m'ma 1840. Chipani cha osintha zinthu, chimene chidali ndi mphamvu m'zigawo zazikulu, chidafuna boma lolimba lapakati. Mu 1841 chigawo cha Aargau chidatseka nyumba za amonke, ndipo mu 1844 chigawo cha Luzern chidaitana Ajezuiti kuti adzaphunzitse. Mitima idatentha mbali zonse. Mu 1845 zigawo 7 za Akatolika zidapanga mgwirizano wapadera wodzitetezera, wotchedwa Sonderbund. Zigawo zina zidalamula kuti mgwirizanowo uthe, ndipo mu Novembala 1847 nkhondo idabuka. Siidathe mwezi. Mkulu wa asilikali opambana, Guillaume-Henri Dufour, adalamula ankhondo ake kuti asazunze ovulala, akaidi ndi anthu wamba, motero akufa adali pafupifupi 100 okha. Zigawo za Akatolika zidagonja, ndipo zidalamulidwa kulipira ndalama zimene nkhondo idaononga.

Chaka chotsatira, 1848, opambanawo adalemba malamulo aakulu atsopano amene adasandutsa Switzerland dziko limodzi la chitaganya, likulu lake ku Bern. Zigawo monga Uri, Schwyz, Zug ndi Valais zidawakana, koma zidalowetsedwamo ndithu. Malamulo omwewo adaletsa Ajezuiti kugwira ntchito m'dzikomo. Choncho owerenga asaganize kuti chitaganyachi chidabadwa m'chikondi chokhachokha. Chidabadwa pankhondo, ndipo padali olira.

3. ZIMENE OGONJA ADATSALA NAZO

Nzeru ya opambana idali yakuti sadalande zonse. Ogonja adatsala ndi zinthu zinayi.

Choyamba, chigawo chilichonse chidasunga boma lake, nyumba yake ya malamulo, sukulu zake, apolisi ake ndi mphamvu yokhometsa msonkho. Munthu wa ku Uri adagonja ku Bern, koma kwawo adali mwinimudzi ndithu.

Chachiwiri, voti siidalandidwe. Mwamuna wa chigawo chogonja adali ndi voti yolingana ndi ya mwamuna wa chigawo chopambana.

Chachitatu, Nyumba ya Malamulo idamangidwa ya zipinda ziwiri, potsanzira United States. M'chipinda choyamba aphungu amagawidwa molingana ndi kuchuluka kwa anthu. Lero alimo 200. M'chipinda chachiwiri, cha aphungu 46, chigawo chachikulu ndi chaching'ono zimalemera chimodzimodzi: Zürich, wa anthu oposa 1.5 miliyoni, ali ndi aphungu awiri, ndipo Uri, wa anthu osakwana 40,000, ali nawonso awiri. Zigawo 6 zokha, zimene zidachokera m'zigawo zogawika pakati, zili ndi mmodzimmodzi. Lamulo silidutsa popanda zipinda zonse ziwiri kuvomera.

Chachinayi, malamulo aakulu sasinthika pokhapokha atavomera anthu ambiri a dziko lonse, ndiponso zigawo zambiri. Motero mizinda ikuluikulu siingathe kupondereza anthu a kumapiri ndi kuchuluka kwake kokha.

4. KUKONZA KOSALEKEZA

Nyumba imene mwini saifolera chaka ndi chaka imadontha, ngakhale idamangidwa ndi mmisiri. Aswisi akhala akufolera yawo.

Mu 1874 adakonzanso malamulo aakulu. Boma lapakati lidalandira mphamvu zambiri, ndipo malamulo opsinja Akatolika adaonjezedwa, pakuti kumanga nyumba zatsopano za amonke kudaletsedwa. Koma m'kukonza komweko mudalowa chida chatsopano, ndicho riferendamu, mawu amene Amalawi adawadziwa pa 14 Juni 1993. Nyumba ya Malamulo ikapanga lamulo, anthu wamba angathe kusaina maina kupempha kuti dziko lonse liponye voti pa lamulolo. Lero pamafunika maina 50,000 m'masiku 100. Akatolika, ngakhale adali ochepa m'Nyumba, adagwira chida chimenechi ndi manja awiri. Pogwirizana ndi Aprotestanti ena okonda ufulu wa zigawo, adagwetsa malamulo angapo, monga la 1882 lofuna kuika mlembi wa boma lapakati woyang'anira za sukulu. Olamula adazindikira kuti sangayendetse dziko popanda anthu amenewa. Tsono mu 1891 Josef Zemp wa ku Luzern adasankhidwa kukhala mmodzi mwa nduna 7 zolamula dziko, woyamba wa chipani cha ogonja aja. Padali patapita zaka 44 chithere nkhondo.

Chaka chomwecho anthu adalandira mphamvu ina, yoyambitsa okha kusintha kwa mfundo ya m'malamulo aakulu. Lero pamafunika maina 100,000 m'miyezi 18. Lamulo loletsa Ajezuiti ndi nyumba za amonke lidafafanizidwa ndi voti ya anthu mu 1973.

Ngakhale malire a zigawo adakonzedwa popanda nkhondo. Anthu a dera la Jura, olankhula Chifalansa, adaikidwa pansi pa Bern mu 1815, pamene anthu ambiri a ku Bern amalankhula Chijeremani. Adadandaula zaka zambiri, ndipo mkwiyo udafika potentha nyumba zina. M'malo mongotumiza asilikali, olamula adalola mavoti: mu 1974 eni dera adavota, mu 1978 dziko lonse lidavomera, ndipo pa 1 Januwale 1979 Jura adakhala chigawo cha 26. Madera a kummwera kwa Jura amene adafuna kutsala ndi Bern adatsala.

Za chuma nazo zidakonzedwa. Zigawo zina nzolemera ndi mabanki ndi mafakitale, zina nza mapiri ndi ng'ombe. Kuyambira 2008 pali dongosolo latsopano, lovomerezedwa ndi voti mu 2004, limene boma lapakati pamodzi ndi zigawo zolemera zimapereka ndalama chaka chilichonse kwa zigawo zosowa. Olemera amang'ung'udza, koma amapereka.

5. CHITAGANYA CHA RHODESIA NDI NYASALAND

Tsopano nkhani ibwerere kuno kwathu. Chitaganya cha 1953 chidamanga pamodzi maiko atatu: Southern Rhodesia, amene lero ndi Zimbabwe, Northern Rhodesia, amene ndi Zambia, ndi Nyasaland, amene ndi Malawi. Likulu lidali ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare. Nduna yaikulu yoyamba adali Godfrey Huggins, ndipo mu 1956 adalowa Roy Welensky. Ochilimbikitsa adati maikowa adzathandizana, pakuti wina ali ndi migodi ya mkuwa, wina mafakitale ndi minda yaikulu, wina anthu ogwira ntchito. Ndipo sikuti padalibe phindu konse. Damu la Kariba lidamangidwa m'zaka zimenezo, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa mu 1958, za umoyo zili m'manja mwa boma la Chitaganya.

Koma eni dziko adakana kuyambira pachiyambi, ndipo sadakane mwaumbuli. Amuna zikwizikwi a ku Nyasaland adali atagwirapo ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ena popita okha, ena kudzera mwa Mthandizi. Adaona ndi maso awo chitupa, tsankho la khungu, ndi lamulo la 1930 limene lidapatsa Azungu pafupifupi theka la nthaka ya dzikolo. Adaopa kuti zomwezo zidzaoloka Zambezi. Ngakhale bungwe la Bledisloe, lotumidwa ndi boma la Britain, lidalemba mu 1939 kuti anthu akuda a maiko awiri a kumpoto safuna kuphatikizidwa ndi Southern Rhodesia. Mu 1953 mafumu adapita ku London kukatula kukana kwawo, koma sadamvedwe. Inkosi Gomani II wa ku Ntcheu adachotsedwa pa mpando chifukwa chotsutsa, ndipo ku Thyolo ndi madera ena a kummwera kudachitika zipolowe zimene zidaphetsa anthu 11.

Nanga okanawo adatsala ndi chiyani? Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya idali ya chipinda chimodzi, cha aphungu 35: a Southern Rhodesia 17, a Northern Rhodesia 11, a Nyasaland 7. Mwa onsewo anthu akuda adali 6 okha, awiri a dziko lililonse, ndi Azungu atatu oimira zofuna za anthu akuda. Chonsecho Azungu sadafike ngakhale munthu mmodzi pa anthu 20 alionse a m'Chitaganya. Voti idali ya okhala ndi chuma ndi maphunziro otchulidwa m'lamulo, amene anthu akuda ambiri adalibe. Padalibe chipinda chachiwiri cholinganiza maiko atatuwa, padalibenso riferendamu ya anthu onse.

6. KHOMO LIMENE LIDATSEKEDWA

Chitetezo chimodzi chimene chidalipo ndi bungwe lotchedwa African Affairs Board. Ntchito yake idali kuona ngati lamulo lina likusala anthu akuda, ndi kulitumiza ku London kuti likaweruzidwe. Mayeso ake adafika mu 1957, pamene boma la Chitaganya lidakonza malamulo aakulu nkukulitsa Nyumba kuchoka pa aphungu 35 kufika pa 59. Aphungu akuda adakwera kufika pa 12, koma ambiri mwa iwo adayenera kusankhidwa pa mavoti amene Azungu ndiwo adali ochuluka. Bungwe lija lidati lamuloli nlosala. Boma la Britain lidalivomera ndithu. Apo anthu adaona kuti mlonda amene adawalonjeza alibe mkondo, ndi kuti kukonza kulikonse kudzalimbitsa amene ali kale pamwamba.

Zotsatira zake nzodziwika. Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera nkhondo yolimbana ndi Chitaganya. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa adalengeza za nthawi yangozi. Atsogoleri adamangidwa, ndipo anthu adaomberedwa pa doko la Nkhata Bay ndi malo ena. Bungwe la Devlin lidawerenga anthu akuda 51 amene adaphedwa. Mu 1960 bungwe la Monckton lidalangiza kuti aphungu akuda achuluke, ndi kuti dziko lofuna kutuluka liloledwe kutero pa nthawi yake. Uphunguwo udali wabwino, koma udafika madzi atafika kale m'khosi. Mu Disembala 1962 boma la Britain lidavomera kuti Nyasaland atuluke, ndipo Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963.

Kusiyana kwa nkhani ziwirizi kwaoneka. Ku Switzerland ogonja adali ndi voti, mpando ndi chida chokonzera, motero adamenya nkhondo yawo mkati mwa nyumba mpaka nyumbayo idasanduka yawonso. Kuno okana adalibe chilichonse cha izi, motero njira imene idawatsalira idali kugwetsa nyumbayo.

7. UBWINO NDI MAVUTO

Chitaganya choyenda bwino chili ndi ubwino woonekeratu. Olamula amakhala pafupi ndi olamulidwa, ndipo munthu amadziwa khomo limene angagogode mlatho ukagwa. Anthu osiyana zinenero ndi zipembedzo amakhala m'dziko limodzi popanda wina kumeza mnzake. Wolephera chisankho cha dziko lonse sataya zonse, pakuti chipani chake chingathe kulamula chigawo. Motero chisankho sichisanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Ndiponso chigawo chimodzi chingayese njira yatsopano, ikapindula zina nkutsanzira.

Koma walira mvula walira matope. Maboma ambiri amadya ndalama zambiri: nduna, aphungu, nyumba ndi magalimoto, zonse zochokera m'msonkho wa mlimi. Zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ndipo chilungamo nacho chimachedwa. Ku Switzerland akazi adayamba kuvota pa za dziko lonse mu 1971, ndipo chigawo cha Appenzell Innerrhoden chidakanabe mpaka bwalo lalikulu la milandu lidachikakamiza mu 1990. Izi zisonyeza kuti boma lapafupi nalo lingathe kupondereza, ndipo pafunika bwalo loposa chigawo lotchinjiriza munthu wamba. Vuto lina nlakuti malire akatsata mitundu, mlendo wokhala m'chigawo cha eni angayambe kuonedwa ngati wobwera m'dziko lake lomwe. Ndipo popanda dongosolo logawana chuma, chigawo cholemera chimalemererabe, chosauka nkumasaukirabe.

8. ZA MALAWI

Malawi ali ndi zigawo zitatu ndi maboma 28, koma mphamvu zili ku likulu. Mu 1998 padakhazikitsidwa lamulo lopereka ntchito zina kwa makhonsolo, ndipo makhansala adasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lidakhala lopanda makhansala kufikira 2014. Umenewu ndi umboni wa zija zanenedwa poyamba, kuti mphamvu yobwereka mwini amaitenganso. Ofuna chitaganya akaloza zimenezi sakunama. Komanso oopa mtengo wake ndi magawano a mitundu sakunama. Pakati pa mbali ziwirizi pali njira zinanso, monga kulimbitsa makhonsolo ndi kuwatsimikizira ndalama zawo mwa lamulo.

Phunziro lino silisankhira munthu mbali. Lingopempha kuti pomva wandale akuyamikira kapena kunyoza chitaganya, munthu asatengeke ndi dzina lokha, koma afunse za mkati mwake. Aphunzitsi angathe kukambirana ndi akhristu m'miphakati mafunso awa:

1. Kodi anthu onse adzafunsidwa mwa voti asadasinthe kalamulidwe ka dziko?
2. Ndi ntchito ziti zimene mudzi, khonsolo kapena chigawo chingachite bwino pachokha, ndipo ndi ziti zofuna boma la dziko lonse?
3. Ndalama zoyendetsera maboma a zigawo zidzachokera kuti, ndipo chigawo chosauka chidzathandizidwa motani?
4. Munthu wa mtundu wina wokhala m'chigawo cha eni adzatetezedwa ndi yani?
5. Dongosololo likapezeka ndi cholakwa, ndani adzakhale ndi mphamvu yolikonza, ndipo adzatsata njira yotani?